Mwana Wapita ku Yunivesite: Kugawa Nthawi ya Mabuku, Ganyu ndi Ntchito Yongodzipereka

Mayina a ophunzira osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma akangotuluka ku bungwe la NCHE, pakhomo pamayamba nthungululu, ndipo nthungululu zikatha pamayamba masamu: fizi, lendi, matiresi, ndowa, ndalama ya basi. Pali chinthu chimodzi chimene mabanja ambiri sachiika pa masamuwo, ndicho nthawi ya mwanayo. Timaganiza kuti poti ku yunivesite kulibe belu, kulibe yunifolomu, kulibe mphunzitsi woyendera m'makalasi kuona amene wajomba, ndiye kuti nthawi ili mbwee. Mwanayo amaganizanso choncho, kufikira mayeso oyamba atamudzidzimutsa.

Malangizo awa ndi a banja lonse: makolo, amalume, azakhali, achimwene kapena achemwali amene akulipira fizi, komanso wophunzira mwini wake. Mwana wa chaka choyamba amakokedwa mbali zitatu. Mabuku akumufuna. Thumba likulira, chifukwa ndalama yochokera kunyumba siifika kumapeto kwa mwezi. Mtima nawo ukumutuma kukatumikira kumpingo, kukalabu, kapena kubungwe lothandiza anthu. Zonse zitatu ndi zabwino koma sizilemera mofanana, ndipo banja likapanda kukambirana mwana asananyamuke, iye amadzasankha yekha ali wotopa, wanjala, ndiponso akuchita manyazi kukana.

Semesita yoyamba ikhale ya mabuku

Sabata yolandira ophunzira atsopano imafanana kulikonse, kaya ndi ku UNIMA ku Zomba, ku MUBAS, ku KUHeS, ku LUANAR ku Bunda, ku Mzuni, ku MUST ku Thyolo, kapena ku mayunivesite a mipingo ndi a anthu wamba. Magulu onse amatuluka kudzakopa anthu: a SCOM, a YCS, a CCAPSO, gulu la ophunzira achisilamu, a Red Cross, makwaya, a zisudzo, a zachilengedwe, a mtsutso. Onse ndi ansangala, onse akufuna dzina ndi nambala ya foni. Pofika madzulo mwana uja walowetsedwa m'magulu a WhatsApp osawerengeka, ndipo gulu lililonse lili ndi msonkhano mawa. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Langizo langa ndi lakuti masabata asanu ndi limodzi oyamba mwana azingoyang'ana. Apite kumapemphero, akaonere zochitika, adziwane ndi anthu, koma asalonjeze kalikonse kokhazikika. Chifukwa chake n'chakuti sanadziwebe kulemera kwa maphunziro ake. Ku sekondale aphunzitsi ankalemba manotsi pabolodi ndipo ankamukumbutsa za mayeso. Kuno mphunzitsi amalankhula ola limodzi, n'kutchula mitu itatu ya buku yoti ikawerengedwe, n'kutuluka. Palibe amene adzafunse ngati yawerengedwa. Malikisi amayamba kusonkhanitsidwa semesita ili pakati, kudzera m'maasayimenti, mayeso ang'onoang'ono ndi ntchito za m'labu, ndipo amene wataya malikisi amenewa amalowa m'mayeso otsiriza ali kale ndi ngongole.

Yunivesite iliyonse ili ndi buku la malamulo a maphunziro. Mwana alipeze, aliwerenge, ndipo akufotokozereni pafoni zimene likunena pa zinthu izi: munthu ayenera kupezeka m'kalasi kangati kuti aloledwe kulemba mayeso, amalephera makosi angati kuti alembe mayeso obwereza aja ophunzira amati sapu, amabwereza chaka zikafika pati, ndipo amachotsedwa sukulu zikafika pati. Kuchotsedwa sukuluku ophunzira amati kuwidedwa, ndipo amakutchula moseka, koma banja limene linagulitsa mbuzi ndi matumba a chimanga kuti lilipire fizi silingaseke nawo. Manambala amenewa amasiyana pakati pa sukulu ndi sukulu, choncho musadalire zimene ananena mwana wa aneba amene ali kwina.

Werengani maola monga muwerengera ndalama

Ndandanda wa makalasi ukatuluka, mwana atenge pepala. Sabata ili ndi maola 168. Akamagona maola 7 usiku uliwonse, apita 49, atsala 119. Ngati akukhala kunja kwa sukulu, monga ku Chikanda ku Zomba, ku Luwinga ku Mzuzu kapena ku Goliati pafupi ndi MUST, kuyenda, kuphika, kuchapa, kusamba ndi kudikira madzi pampopi kungadye maola 4 patsiku, amene ndi 28 pasabata. Atsala 91. Tiyerekeze kuti makalasi ndi malabu ndi maola 20, atsala 71. Ola lililonse la m'kalasi limafuna ola lina ndi theka lowerenga payekha ndi kulemba maasayimenti, ndiye 30 enanso apita. Atsala 41.

Pepala likamati 41 munthu amasangalala, koma maola amenewa si onse ogwirika. Ena ndi zidutswa za mphindi 40 pakati pa kalasi ndi kalasi. Ena ndi a usiku magetsi atazima. Ena adzapita ku tchalitchi kapena ku mzikiti, ku zokambirana za pagulu, pamzere wa kubanki, kuchipatala tsiku la malungo, ndi kucheza ndi anzake, kumene munthu wamoyo sangakhale wopanda. Zikachotsedwa zonsezi, amene amatsala oti n'kuperekadi kwa ena ndi pakati pa 12 ndi 15. Ine ndimati ganyu ndi ntchito yongodzipereka pamodzi zisapitirire pamenepa mkati mwa semesita: maola 8 mpaka 10 a ntchito yolipidwa, 2 mpaka 4 a kudzipereka. Amene akuphunzira udokotala, unamwino kapena uinjiniya achepetsenso, chifukwa malabu ndi nthawi ya m'mawodi zimatenga tsiku lonse.

Masamuwa abwerezedwe semesita iliyonse, popeza ndandanda umasintha.

Nenani zoona za ndalama

Ana ambiri amagwira ganyu mopitirira muyeso chifukwa sadziwa kuti kunyumba kubwera zingati ndipo zibwera liti. Kholo limati, "Usadandaule, tizikutumizira," pofuna kumulimbitsa mtima, koma mawu amenewa sagula ufa. Ndi bwino kunena nambala yeniyeni ngakhale ili yochepa, ndi tsiku lake: mwezi ukatha, kapena fodya akagulitsidwa, kapena banki m'khonde ikagawa. Ngati pali miyezi imene simudzatha kutumiza kanthu, monga nthawi yogula feteleza kapena miyezi ya njala ya Januwale ndi Febuluwale, muuzeni lero kuti akonzekere. Ngati amalume analonjeza lendi, afunseni pamaso pa onse ngati lonjezolo ndi la chaka chonse kapena la mwezi woyamba wokha.

Pali ngongole ya bungwe la boma la Higher Education Students' Loans and Grants Board, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015 kuti lizithandiza ophunzira osowa. Mwana afunsire nthawi yake isanadutse, asunge makalata onse, ndipo banja lidziwe kuti iyi ndi ngongole yodzabweza akamaliza maphunziro. Musawerengere kuti ndalamayo idzakhala m'manja tsiku lotsegulira sukulu. Mwana anyamuke ndi chakudya ndi ndalama yokwanira masabata oyamba. Kumbukiraninso kuti ndalama imene inkakwana mchimwene wake zaka zingapo zapitazo siingakwane lero. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo lendi, sopo, mafuta ophikira ndi bandulo ya intaneti zonse zinakwera.

Mukalemba zofunika pamwezi mbali imodzi, ndi zimene zikubwera mbali ina, mpata wotsala pakati ndiwo kukula kwa ganyu imene mwana akufunika. Agwire ntchito yotseka mpata umenewo basi. Ndalama yoposa pamenepo imakoma, koma imagulidwa ndi maola a m'laibulale. Thumba la ufa, nyemba, mtedza ndi usipa wouma zotumizidwa pa basi zimachepetsa mpatawo kuposa mmene ambiri amaganizira, ndipo pabanja la alimi n'zosavuta kupeza kusiyana ndi ndalama.

Ganyu yabwino ndi iti?

Funso loyamba pa ntchito iliyonse lisakhale la malipiro. Likhale lakuti: mwini maola ndani? Ntchito imene wophunzira amasankha yekha nthawi yake, kapena imene maola ake ndi okhazikika ndipo sagundana ndi kalasi, ndiyo yoyenera. Imene bwana angaimbe foni nthawi iliyonse n'kunena kuti "bwera pompano" idzadya makalasi, ngakhale italipira bwino.

Kuphunzitsa ana a sekondale kapena a pulayimale madzulo ndi Loweruka ndiyo ganyu imene ndimaiika patsogolo. Siifuna mpamba, maola ake amadziwika, ndipo amene akuphunzitsa masamu kapena sayansi ya Fomu 4 akulimbitsanso maziko ake omwe. Koma pali zofunika kusamala. Makolo a ana amafuna maola ochuluka mayeso a MANEB akamayandikira, ndipo nthawi imeneyo ikhoza kugundana ndi mayeso a wophunzirayo. Ayang'ane kalendala ya sukulu yake n'kunena poyamba masabata amene sadzapezeka. Agwirizane malipiro ndi tsiku lolandira, ndipo mgwirizanowo ulembedwe, ngakhale pa uthenga wa foni wokha. Aziphunzitsira pabalaza kapena pakhonde, pamene akuluakulu a pakhomopo ali pafupi. Izi zimateteza mwana wophunzitsidwayo ndi wophunzitsa yemwe. Ndipo awerengere ndalama ya minibasi kapena kabaza: ganyu ya kutali imatha kubweza theka la malipiro kumsewu.

Geni ya m'hositelo, monga kugulitsa mazira, mandasi, zovala za kaunjika, kuluka tsitsi, kumeta kapena kusindikiza mapepala, imathandiza ambiri. Mdani wake ndi ngongole za anzake ndi kugogoda kwa pakati pa usiku. Alembe pachitseko maola ogulitsa, akhale ndi kope la ngongole, ndipo ayambe wafunsa ngati malamulo a hositelo kapena mwini nyumba akulola. Kukhala pa kauntala ya Airtel Money kapena TNM Mpamba kumafuna munthu wokhalapo tsiku lonse, ndipo ndalama ikasowa kapena wakuba akamupusitsa ndi uthenga wabodza, wobweza ndi iyeyo. Imeneyi ndi ya Loweruka kapena ya patchuthi.

Ntchito yofunsa anthu mafunso m'midzi pa kafukufuku imalipira bwino kuposa zambiri, ndipo imaphunzitsa zinthu zimene m'kalasi mulibe. Koma imatenga munthu masabata athunthu kupita naye kuboma lina. Mkati mwa semesita ayikane, ngakhale mnzake atalonjeza kumukopera manotsi. Patchuthi ayifunefune ndi mtima wonse. Chimodzimodzi kuphunzitsa pa sukulu ya pulayiveti masana: mwini sukulu amafuna mphunzitsi wa tsiku lililonse, ndipo wophunzira amayamba kujomba makalasi ake kuti akaphunzitse a ena.

Pali njira zina zopezera ndalama zimene banja liyenera kuzitchula poyera, osazungulira. Kulembera anzake maasayimenti kuti amulipire ndi mlandu wa chinyengo umene ungamuchotsetse sukulu. Kubetcha mpira pafoni kumameza ndalama ya chakudya. Akatapila amabwereketsa lero n'kulanda laputopu mawa. Ntchito za usiku m'malo omwera mowa zimatha tulo ndipo zimaika mwana pangozi pobwerera. Ndipo pali akuluakulu amene amapereka ntchito kapena ndalama kwa atsikana, nthawi zina kwa anyamata, akufuna thupi lawo. Mwana wanu amve kuchokera pakamwa panu kuti akakumana ndi zotere asiye ntchitoyo tsiku lomwelo, ndipo simudzamukalipira chifukwa cha ndalama yotayika. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa nkhanza zotere, ndipo angakanene ku ofesi yoona za umoyo wa ophunzira pasukulupo kapena ku Victim Support Unit ya polisi.

Nanga kudzipereka n'kofunikadi?

Makolo ena amati, "Tinamutumiza kukaphunzira, osati kukagwirira anthu ntchito yaulere." Ndikumva nkhawa yawo, koma sindigwirizana nawo kuti mwana asadzipereke konse. Moyo wathu wonse waima pa anthu ogwira ntchito osalipidwa. Adzukulu amakumba manda mbandakucha. Amayi amaphika pamaliro usiku wonse. Sukulu za mkombaphala m'midzi zimayendetsedwa ndi alezi ongodzipereka. Namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe mu Malichi 2023, anthu wamba ndiwo anayamba kufukula ndi makasu ndi manja. Mwana amene waphunzira ndi ndalama za mudzi wonse, n'kukula osadziwa kutumikira popanda malipiro, waphunzira moperewera.

Palinso phindu looneka. Akadzamaliza, olemba ntchito adzamufunsa zimene anachitapo kupatula kukhoza mayeso, ndipo adzafuna dzina la munthu amene angamuchitire umboni. Mnyamata kapena mtsikana amene anaphunzitsa ana kuwerenga Loweruka lililonse kwa zaka ziwiri pamalo amodzi ali ndi choyankha. Amene analembetsa m'magulu asanu ndi awiri n'kumangooneka tsiku logawa matisheti alibe.

Choncho asankhe malo amodzi. Ngati n'kotheka akhale ogwirizana ndi maphunziro ake: wa zauphunzitsi athandize pa CDSS kapena pulayimale yapafupi, wa zaulimi alowe gulu losamala nazale ndi kubzala mitengo m'nyengo yake, imene kuno imayamba pa 15 Disembala kufika pa 15 Epulo, wa zamakompyuta aphunzitse achinyamata a m'dera kugwiritsa ntchito kompyuta. Wa zaumoyo athandize kuphunzitsa ukhondo, koma asalole kupatsidwa ntchito ya chipatala imene sanaiphunzire, ngakhale anthu atayamba kale kumutcha adokotala. Asanavomere afunse mafunso awa kwa mtsogoleri wa gululo: ndi maola angati pasabata, tsiku liti, ntchitoyo idzatha liti, ndalama yoyendera alipira ndani, ndipo nthawi ya mayeso ndingapume? Gulu labwino limayankha mosavuta. Limene likuyankha kuti "tiziona m'tsogolo" lidzamutenga nthawi yonse.

Semesita ikakhala yothina kwambiri, pali kudzipereka kwa tsiku limodzi. A Malawi Blood Transfusion Service amayendera masukulu kukatenga magazi, ndipo ophunzira ndi ena mwa amene amapereka kwambiri. Munthu wathanzi amataya ola limodzi lokha, magaziwo n'kukapulumutsa mayi wobereka kapena mwana wodwala malungo. Kusesa pachipatala, kukaona odwala kapena akaidi pamodzi ndi a mpingo kamodzi pamwezi, zonsezi ndi utumiki weniweni wosalanda kalasi.

Pa chaka choyamba asalandire udindo. Ulembi, usungichuma ndi upampando zimaoneka zaulemu, ndipo magulu amakonda kupatsa watsopano wachangu chifukwa akale atopa. Koma mlembi ndiye amene amalemba makalata, kuitana anthu, ndi kukhala pamsonkhano uliwonse mpaka kumapeto. Msungichuma wanjala amayesedwa kubwereka ndalama ya gulu, ndipo mbiri ikaipa pamenepo siibwerera. Udindo udikire chaka chachiwiri, atadziwa mphamvu zake.

Nkhani ya magulu a mapemphero ndiyikhudze mwaulemu, chifukwa kwa ana ambiri ndiwo banja lawo la kusukulu. Amawalandira, amawayendera akadwala, amawateteza ku zambiri. Koma nawonso amadya nthawi: mapemphero a m'mawa, a madzulo, kwaya katatu pasabata, kugona kutchalitchi Lachisanu, ulendo wokalalikira Loweruka. Mwana amaopa kukana chifukwa amaona ngati akukana Mulungu. Makolo, muuzeni inuyo kuti kuwerenga mokhulupirika ndi mbali ya chikhulupiriro chake, ndipo kusankha misonkhano iwiri pasabata m'malo mwa isanu ndi iwiri si kubwerera m'mbuyo. Akamva kwa inu mtima wake umamasuka.

Chenjerani ndi kudzipereka kwa dzina lokha

Makolo athu ankathandizana kulima ndi kumanga popanda malipiro, koma m'minda ya azungu ya ku Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje kuthandizana kuja kunasandutsidwa thangata, ntchito yokakamiza imene inali chimodzi mwa zifukwa za kuukira kwa John Chilembwe mu 1915. Mtima wofuna kuthandiza ukhoza kudyeredwa masuku pamutu, ndipo lero zikuchitikabe m'njira zina. Bungwe likamafuna wophunzira kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo, masiku asanu pasabata, akugwira ntchito yofanana ndi ya olembedwa, koma n'kumamutcha wodzipereka, limenelo likungopewa kulipira. Likamafuna ndalama yolembetsera, ya yunifolomu kapena ya "maphunziro oyamba" munthu asanayambe kuthandiza, ndi akuba. Mabungwe enieni amalembetsedwa ku boma kudzera ku NGORA, ndipo magulu a achinyamata amalembetsa ku National Youth Council of Malawi kapena amadziwika ku ofesi ya achinyamata ya paboma. Kufunsa ngati gulu ndi lolembetsedwa si mwano.

Msampha wina ndi alawansi. Mwana akapita ku msonkhano umodzi wa masiku atatu ku Mangochi kapena ku Salima n'kubwera ndi envulopu yoposa ndalama ya mwezi wonse ya kunyumba, mutu umazungulira. Amayamba kusaka misonkhano, makalasi n'kumapita. Misonkhano yotere siibwera mwezi uliwonse, ndipo bungwe likatseka pulojekiti limapita osacheuka. Akaitanidwa mkati mwa sabata ya makalasi, ayambe wapempha chilolezo kwa aphunzitsi a makosi amene ajombe. Ngati pali mayeso kapena labu, asapite. Magulu a zipani za ndale pasukulu nawo amakopa ndi nsalu, zakumwa ndi ndalama ya m'manja. Mwana ali ndi ufulu wokonda chipani chimene akufuna, koma asalole kunyamulidwa pa lole tsiku la kalasi kukadzaza bwalo la msonkhano.

Kukana mwaulemu

Tsopano ndilankhule nawe, iwe wophunzira. Unaleredwa kuti wamkulu akakutuma suyankha kuti ayi, ndipo ndi maleredwe abwino. Koma kuvomera chinthu chimene sudzachita, n'kumazimitsa foni tsiku lake, ndiko kupanda ulemu kwenikweni. Phunzira kunena msanga ndiponso momveka. Kwa abusa kapena mtsogoleri wa gulu ungati, "Zikomo pondiganizira. Semesita ino ndingakwanitse Loweruka m'mawa lokha, kuyambira 8 mpaka 11. Kupitirira apo ndingakunamizeni." Kwa kholo la mwana amene ukumuphunzitsa ungati, "Amayi, kuyambira pa 10 mwezi wamawa ndili ndi mayeso kwa masabata atatu. Ndimusiyira ntchito yolemba, ndipo tidzabweza maolawo ndikamaliza." Anthu ambiri amalemekeza munthu wonena zoona nthawi ilipo.

Masabata atatu mayeso asanayambe, imitsa zonse zimene zingaime. Unene zimenezi tsiku loyamba kugwira ntchito, osati mayeso atafika. Lemba masiku onse operekera maasayimenti papepala limodzi lalikulu, ulimate pakhoma pamene uziliona podzuka. Foni ikhoza kutha moto kapena kubedwa. Maola ako abwino, amene mutu umagwira msanga, uwapatse kosi yovuta kwambiri, ndipo ganyu itenge maola otsala. Mipata ya pakati pa makalasi ukhale m'laibulale, chifukwa kumeneko kuli kuwala ndi bata zimene kuchipinda chako cha lendi mwina kulibe.

Mbali ya banja

Pali wachinayi amene amatenga nthawi ya mwana, ndipo ndi ife a pakhomo. Mwana akakhala ku Blantyre kapena ku Lilongwe timamusandutsa mthenga wa mudzi wonse: akalandire katundu kudepoti, akaone wodwala ku Queens kapena ku Central, akafunse za penshoni ya agogo, agoneke msuweni amene wabwera kudzafuna ntchito. Chilichonse pachokha ndi chaching'ono, koma zikaphatikizana zimatha masiku. Musanamutume, funsani ngati ali ndi kalasi, ndipo akati ali nayo, tumani wina osakwiya.

Za maliro ndi zovuta, koma kambiranani. Pa maliro a kholo, m'bale wa bere limodzi kapena agogo amene anamulera, apite, ndipo adziwitse ofesi ya dipatimenti yake kuti mayeso amene angamudutse adzamuganizire. Pa maliro ena a pamudzi, akuluakulu a banja amuyimire ndipo anene poyera kuti mwana ali pasukulu. Adzapepesa akabwera kutchuthi. Mawu amenewa akachokera kwa amalume, palibe amene adzamunene kuti wayamba kunyada.

Musamupemphe ndalama ya ngongole yake kapena ya ganyu kuti mugulire feteleza kapena kulipirira mng'ono wake. Ndikudziwa kuti nthawi zina pakhomo pamavuta kwambiri, ndipo mwanayo adzapereka chifukwa amakukondani. Koma adzabweza mpatawo podya kamodzi patsiku kapena powonjezera maola a ganyu, ndipo zonse ziwiri zidzaoneka pa zotsatira za mayeso.

Amene akukhala kwa achibale m'tauni, makamaka atsikana, ali ndi vuto lawolawo. Amadzuka kukolopa, kusambitsa ana, kuphika, n'kubwerera madzulo kudzapeza mbale zikudikira. Wosunga mwana wa wina ayenera kuthandizidwa, izi n'zoona. Koma makolo akhale pansi ndi achibalewo poyamba, agwirizane ntchito zimene mwana azigwira ndi nthawi yake, ndipo maola amenewa alowe m'masamu aja a sabata. Ngati ntchito za pakhomo zikutenga maola 15, ndiye kuti ganyu yake ndi imeneyo, ndipo yina isawonjezedwe.

Poimba foni, funso lakuti "Sukulu ikuyenda?" limayankhidwa kuti "Ikuyenda" ngakhale zinthu zitaipa. Funsani zogwirika. Mayeso apakati a kosi yakuti unapeza zingati? Sabata ino wajomba makalasi angati? Dzulo unagona nthawi yanji, ndipo unadya chiyani? Mukamva kuti akugona m'kalasi, akupereka maasayimenti mochedwa, akudwaladwala, wasiya kucheza ndi anzake, kapena akupsa mtima pa zinthu zazing'ono, katundu wamulemera. Musayambe ndi kukalipa. Muthandizeni kutula motsatana: ayambe wapuma pa ntchito yongodzipereka, atawauza eni ake bwinobwino, zikapanda kusintha achepetse maola a ganyu, banja lione pamene lingawonjezere ngakhale ndi ufa, makalasi asakhudzidwe. Ngati akulankhula mawu otaya mtima, kapena akunena kuti moyo watopa nawo, musadikire tchuthi. Wina wa pabanja apite kukamuona, ndipo mumulimbikitse kuonana ndi mlangizi wa pasukulupo, a chipatala, kapena mtsogoleri wa chipembedzo amene amamukhulupirira.

Tchuthi chachitali ndicho nthawi ya zonse zimene zinakanidwa mkati mwa semesita: kafukufuku wa m'midzi, ntchito ya tsiku lonse, kuthandiza pa sukulu yakwawo, kukolola. Ndalama ya patchuthi isungidwe padera kuti ikalipire lendi ya miyezi yoyamba, ndipo semesita yotsatirayo maola a ganyu adzachepa. Pamalo paliponse pamene wagwira, kaya molipidwa kaya mongodzipereka, mwana azilemba m'kope tsiku loyamba, tsiku lomaliza, ntchito imene ankachita ndi dzina la womuyang'anira. Asanachoke apemphe kalata ya umboni yokhala ndi chidindo, yonena zimene anachita ndi nthawi yake, chifukwa pakatha zaka zinayi woyang'anira uja adzakhala atasamuka kapena ataiwala. Kalatayo aijambule pafoni, aitumize ku imelo yake, ndipo yeniyeniyo isungidwe kunyumba pamodzi ndi satifiketi ya MSCE.